Digiri ya nyimbo: Kodi n'kutaya fizi?

Kholo la ku Thekerani m'boma la Thyolo likagulitsa nthochi zomwe zidapulumuka ku matenda a chisaka, kapena likalandira kangachepe ku esiteti ya tiyi n'kulipirira mwana fizi, limalota mwanayo atadzakhala namwino, mphunzitsi ngakhale dokotala. Ndiye mwana yemweyo akhoze bwino Fomu 4 n'kunena kuti akufuna kukaphunzira zoimba ndi kujambula nyimbo kuyunivesite, pakhomo pangabuke mlandu wofuna ankhoswe.

Kwa ambiri, kuimba ndi mphatso yobadwa nayo, ndipo kujambula n'kungokhala ndi kompyuta ndi maikolofoni basi. Komatu maphunzirowa alipo, ndipo ali m'boma lomweli. Sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology (MUST), yomwe idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata kufupi ndi Goliati, ili ndi digiri ya African Musicology pansi pa nthambi ya Bingu School of Culture and Heritage. Nayo University of Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa zoimba kwa zaka zambiri, pomwe ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa wojambula wodziwa ntchito, akumbukire Allan Namoko, katswiri wa banjo wa m'boma lomweli la Thyolo, yemwe anali ndi vuto losaona. Namoko ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band adatchuka dziko lonse kudzera pa wayilesi ya MBC, ndipo chimbale chake cha Ana Osiidwa chidatulutsidwa kunja. Iye adamwalira mu 1995, koma mawu ake akumvekabe lero chifukwa padali munthu amene adatchera makina n'kuwatola. Anzake ambiri omwe ankasangalatsa anthu m'misika ndi m'maukwati adapita ndi nyimbo zawo kumanda.

Nthawi imeneyo malo ojambulira adali owerengeka. Woimba amayenera kukwera basi kapena sitima kupita ku Blantyre, ndipo pambuyo pake ena adayamba kulowera ku Balaka kwa Paul Banda, yemwe situdiyo yake idasula oimba ambiri m'zaka za m'ma 1990. Lero zinthu zidasintha. Mnyamata wokhala ndi laputopu komanso pulogalamu ya FL Studio kapena Cubase amatsegula situdiyo m'kachipinda kuseri kwa golosale.

Kuchuluka kwa masitudiyoku n'kwabwino, koma khutu silinama. Nyimbo zina zikamveka pafoni zimakoma, koma zikaikidwa pa zokuzira mawu zikuluzikulu zapaukwati, besi imameza mawu a woimba. Zina wayilesi zimazikana chifukwa cha phokoso.

Apa ndi pomwe sukulu imathandiza. Wophunzira luso lojambula amayamba ndi kudziwa momwe mawu amayendera m'chipinda. Mawu akagunda khoma la simenti kapena denga la malata amabwerera n'kulowanso m'maikolofoni, zomwe zimasokoneza nyimbo. Timapepala toikamo mazira tomwe ambiri amamata kukhoma sititchinga phokoso la njinga zamoto panja.

Amaphunziranso kusankha maikolofoni ndi poiika. Maikolofoni yoyenera mawu a munthu mmodzi si imene ingatole bwino kwaya ya anthu 30. Ng'oma ikaombedwa mwamphamvu pafupi ndi maikolofoni yomwe yakwezedwa kwambiri, mawu amang'ambika, ndipo akang'ambika pojambula palibe kompyuta yomwe ingawasoke bwinobwino.

Kenaka pamabwera kusakaniza. Chida chilichonse chimajambulidwa pachokha, ndipo wojambula amapatsa gitala, besi, ng'oma ndi mawu malo ake kuti zisalimbane. Zili ngati kuphika ndiwo: tomato, anyezi ndi mchere zikhoza kukhalapo zonse, koma muyeso ukalakwika alendo amangolawa n'kusamba m'manja. Pomaliza nyimbo imasalazidwa kuti imveke chimodzimodzi pawayilesi, m'minibasi ngakhale pafoni.

Koma luso limeneli si la nyimbo zovina achinyamata zokha. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidaika gule wa tchopa wa Alhomwe pa mndandanda wa zikhalidwe zofunika kutetezedwa padziko lonse. Tchopa amavinidwa pabwalo, pali mphepo, nthungululu, fumbi ndi ng'oma zingapo zoyankhana. Kujambula zoterezi kuti ng'oma iliyonse imveke, komanso kulemba dzina la woimba, mudzi, tsiku ndi tanthauzo la nyimbo, ndi ntchito yofuna munthu wophunzira.

Kale ntchitoyi ankaigwira ndi alendo. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo zamakolo, ndipo zomwe adatola zikusungidwa ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria adajambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kuyambira mu 1967. Mwana wa ku Thekerani, yemwe amamva chinenero cha agogo ake ndipo amadziwa kugwada pamaso pa mfumu, angagwire ntchitoyi mosavuta kuposa mlendo.

Nanga ndalama? Limeneli ndi funso lomwe kholo lili ndi ufulu wofunsa. Digiri siitanira munthu makasitomala, ndipo zipangizo zabwino n'zodula. Komabe wodziwa kusamala mawu amafunika kuwayilesi, kukanema, m'matchalitchi, kwa opanga mafilimu ndi malonda, komanso pa zoimbaimba zikuluzikulu. Amadziwanso za umwini wa nyimbo, womwe umatetezedwa ndi lamulo la 2016 kudzera ku bungwe la Copyright Society of Malawi (Cosoma). Kusadziwa zimenezi ndi komwe kudasiya oimba ambiri akale manja ali m'khosi pomwe nyimbo zawo zikulemeretsa ena.

Wofuna maphunzirowa asanyengedwe kuti mawu okoma ndi okwanira. Kulowa yunivesite ya boma kumafuna MSCE ya makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kalata zofunsira malo zimadzera ku National Council for Higher Education. Wa luso la pakompyuta yemwe akuthawa makalasi kuti akapange mabiti akudzitsekera yekha chitseko.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akatchula za nyimbo, kholo lisathamangire ndodo. Liyambe lamufunsa chomwe akufuna kukaphunzira, komanso ngati mabuku ake akugwirizana ndi malotowo.