Cifukwa cake juga ya bonanza imavuta kuleka

Abale ndi alongo, m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Great East kuno ku Rufunsa, ambiri tikudziwa bambo kapena mnyamata amene ndalama zake za makala, ngakhale za cimanga cimene anagulitsa ku FRA, zimathera m'makina a bonanza kapena kubecha mpira pafoni. Timamudzudzula, iye amalonjeza kuleka, koma mawa lake wabwererako. Kodi n'ciani cimamukoka? Akatswiri ofufuza khalidwe la anthu ndi nyama angatithandize kumvetsa.

Woyamba ndi Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904. Iye anaona kuti galu akazolowera kumva phokoso linalake nthawi ya cakudya, amayamba kudontha malovu akangomva phokosolo, ngakhale mbale isanafike. Nkhuku zathu zimacitanso cimodzimodzi: zikamva mayi akupeta, zimathamangira pakhomo. Wajuga naye, akamva kulira kwa makobidi m'makina kapena uthenga wa ndalama ukalowa pafoni, cilakolako cimadzuka iye asanaganize n'komwe.

Waciwiri ndi B. F. Skinner wa ku America. M'zaka za m'ma 1930 anaika makoswe m'bokosi momwe khoswe akadina kacitsulo, cakudya cinkagwa. Anapeza kuti cocita ciliconse cimene cimabweretsa mphoto cimabwerezedwa. Pambuyo pake anayesa nkhunda, ndipo anaona cinthu codabwitsa. Nkhunda yolandira cakudya nthawi zonse ikajompha, imaleka msanga cakudyaco cikasiya kubwera. Koma yolandira mwa apo ndi apo, yosadziwa kuti mphoto ibwera liti, imajomphabe kwa nthawi yaitali popanda kupeza kanthu. Skinner mwiniyo analemba mu 1953 kuti juga imayenda motero. Makinawo amapatsa munthu pang'ono kamodzikamodzi kuti asacoke, pomwe zoculuka zimatsala kwa mwini wake.

Nanga tingathandize bwanji m'bale wotere? Coyamba, acotse zomukumbutsa: afafanize pulogalamu yobechera pafoni, asinthe njira yopitira kumsika, ndipo tsiku lolandira ndalama apite ndi munthu amene amamukhulupirira. Caciwiri, pamalo pa jugayo pabwere cina copatsa cimwemwe, monga cilimba, kwaya, mpira wa acinyamata kapena dimba. Cacitatu, tiziyamikira msanga. Akatha sabata osabecha, amve mawu abwino tsiku lomwelo. Skinner anaona kuti cilango cimaletsa khalidwe kwa kanthawi cabe ndipo sicimaphunzitsa labwino. Kumucititsa manyazi pagulu kawirikawiri kumangomuphunzitsa kubisa.

Tidziwenso kuti cizolowezi cimene cinaoneka ngati catha cimatha kudzukanso, monga Pavlov anaonera pa agalu ake. M'bale akagwa kamodzi, tisamutaye, timudzutse ayambirenso.

Maphunziro amenewa amayang'ana zooneka ndi maso zokha, pomwe ife tikudziwa kuti munthu si khoswe. Ali ndi mtima, cikumbumtima, ndipo angathe kulapa. Komabe kudziwa m'mene msampha unacheredwera kumathandiza kuonjola wokodwayo. Akulu a mpingo, amayi a cigwirizano ndi atsogoleri a acinyamata, tiyeni tiwapempherere abale otere, tiwayendere kunyumba, ndiponso tiwaperekeze pa tsiku la malipiro.