Lamulo limodzi, maseva chikwi

Ambiri mukukumbukira madzulo a pa 4 October 2021, pamene WhatsApp, Facebook ndi Instagram zidangoti zii kwa maola pafupifupi 6. Kumudzi ena adaganiza kuti bandulo yatha, ena adazimitsa ndi kuyatsanso foni kangapo. Kuno ku London mauthenga opita kwa abale ku Zomba ndi ku Mzimba adangokakamira m'foni. Chingwe sichidaduke, akubanso sadalowerere. Eni ake adafotokoza pambuyo pake kuti pokonza zinthu, padatumizidwa lamulo loti liyeze mphamvu ya njira zolumikiza nyumba zawo za makompyuta, koma lamulolo lidadula njira zonsezo. Pulogalamu yomwe imayenera kuliletsa idali ndi vuto, ndiye lidangodutsa.

Kutumiza malamulo otere ndiyo ntchito yomwe imandidyetsa. Ndimakhala ku Lewisham, kum'mwera chakum'mawa kwa London, ndipo ndimasamalira maseva mazana angapo omwe sindidawakhudzepo ndi dzanja. Seva ndi kompyuta yopanda sikirini, yoyaka usana ndi usiku, yomwe imayankha foni yanu mukamaona ndalama zotsala ku banki kapena mukamagula tikiti. Mukamva za cloud, nkhani yake ndi yakuti kampani sigula maseva akeake, imabwereka kwa Amazon, Microsoft kapena Google n'kumalipira malinga ndi nthawi yomwe yagwiritsa ntchito. Amazon idayamba kubwereketsa maseva mu 2006, ndipo ntchitoyo, yotchedwa EC2, adaikonza ndi akatswiri omwe adali ku Cape Town. Maseva ake a ku London adatsegulidwa mu December 2016, a ku Cape Town mu April 2020. Ukakwera sitima ya DLR pa Lewisham n'kudutsa pansi pa mtsinje wa Thames, umafika ku Docklands, komwe kuli nyumba za Telehouse kuyambira 1990. Ndi nyumba zamazenera ochepa, zodzaza ndi maseva ndi zingwe, ndipo intaneti yambiri ya dziko lino imadutsira m'menemo.

Kale tinkalowa mu seva imodzi imodzi kudzera pa SSH, njira yotetezeka yomwe Tatu Ylönen wa ku Finland adapanga mu 1995. Umalowa, kulemba lamulo, kutuluka, n'kupita pa ina. Maseva akakhala asanu, zimatheka. Akakhala 500, dzuwa limalowa usadafike pakati, ndipo kutopa kumakuiwalitsa ena. Woiwalikayo ndiye khomo la mbava. Mu March 2017 Microsoft idatulutsa chigamba chotseka chiboo china mu Windows. Pa 12 May chaka chomwecho, vairasi ya WannaCry idalowa m'makompyuta omwe adali asadalandire chigambacho, ndipo zipatala zambiri za NHS ku England zidabweza odwala. Mankhwala adalipo kwa miyezi iwiri, koma adali asadafike pa makina onse.

N'chifukwa chake pali zida zolamula gulu lonse nthawi imodzi, monga Ansible ya mu 2012 ndi Run Command yomwe Amazon idatulutsa mu 2015. Mu Run Command, seva iliyonse imakhala ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa SSM Agent, komwe kamalumikizana ndi likulu kudikira ntchito. Ine sindigogoda pa seva iliyonse. Ndimalemba mizere yochepa ya Python, chinenero cha makompyuta, yonena zinthu zitatu: chochita, ochita, ndi liwiro lake. Ochitawo sindiwatchula mayina. Seva iliyonse ili ndi chizindikiro chonena ntchito yake, choncho ndimangoti onse a chizindikiro cha malipiro alandire chigamba chakuti. Likulu limayamba laona ngati ndili ndi chilolezo, kenaka limagawa lamulolo, ndipo limalemba dzina langa, nthawi, ndi yankho la seva iliyonse.

Walira mvula walira matope. Njira yomwe imafikitsa chigamba pa maseva chikwi m'mphindi zochepa ndi yomweyo imafikitsa cholakwa pa maseva chikwi. Pa 28 February 2017 katswiri wina wa Amazon adafuna kuchotsa maseva ochepa a S3, ntchito yawo yosungira mafayilo, ku Virginia, koma adalakwitsa polemba mbali imodzi ya lamulo, n'kuchotsa ambiri. Mawebusaiti ochuluka adavutika kwa maola pafupifupi 4. Amazon idasintha chida chomwe adagwiritsa ntchito kuti chizichotsa maseva pang'onopang'ono, ndiponso chizikana chiwerengero chikafuna kutsika mopitirira malire. Phunziro lalikulu la ntchito yathu lili pamenepo. Dzanja la munthu lidzalakwa ndithu, ndiye chida chiyenera kukhala ndi mabuleki. Pa 19 July 2024 dziko lidaonanso zomwezo, pamene kampani ya CrowdStrike idatumiza fayilo yolakwika ndipo makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows adaleka kugwira ntchito, ndege n'kulephera kunyamuka.

Usiku wa chigamba umayenda motere. Ndimadikira kuti anthu agone, ntchito pa maseva ichepe. Lamulo limakhala litawerengedwa kale ndi mnzanga masana, chifukwa palibe amene amaloledwa kutumiza zomwe waona yekha. Ndimayamba ndi maseva oyeserera, omwe alibe kasitomala. Kenaka seva imodzi yeniyeni. Pa sikirini pamatuluka mzere wake, mawu akuti Pending amasanduka InProgress, ndipo ndimakhala chete mpaka asanduke Success. Apo sindithamanga. Ndimatsegula tsamba lomwe sevayo imayendetsa, ndione ngati likuyankhabe. Ndikakhutira, ndimaika manambala awiri: maseva angati alandire lamulo nthawi imodzi, ndiponso angati akalephera ntchito yonse iime. Ndimakonda khumi pa ulendo umodzi, ndipo imodzi ikangolemba Failed, otsalawo asalandire kanthu. Ntchito yomwe ikadatha m'mphindi ziwiri imatenga ola lathunthu, ndipo ola limenelo ndimalipereka ndi mtima wonse, chifukwa kuseri kwa mizere imeneyo kuli munthu amene akudikira malipiro ake m'mawa.

Nkhaniyi ikutikhudza kwathu. Ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, mabanki, zotsatira za mayeso, zonsezi zimadalira maseva, ndipo pena pake pali munthu amene ali ndi mphamvu yowalamula onse. Akuluakulu a mabungwe safunika kudziwa Python kuti afunse mafunso oyenera. Ndani ali ndi chilolezo chotumiza lamulo ku maseva onse? Ndani amawerenga asadatumize? Zikalakwika, chimaimitsa ntchitoyo n'chiyani, ndipo zidalembedwa pati?

Kwa achinyamata a ku MUBAS, MUST ndi Mzuni, khomo ndi lotsegula. Seva ya ku Cape Town imamvera lamulo lochokera ku Ndirande chimodzimodzi ndi lochokera ku Lewisham. Phunzirani Linux ndi Python, yeserani pa maseva awiri kapena atatu, muwawononge dala n'kuwadzutsanso. Kulemba lamulo mudzakudziwa msanga. Chomwe adzakulembereni ntchito n'chakuti mukudziwa kuliyesa, kulichepetsa liwiro, ndi kuliimitsa lisadavulaze anthu.