Buku la kuchipatala sabwerekana

Inu amene mumathyola tiyi ku Thyolo mukudziwa mmene moyo wa pa esiteti umakhalira. Nyumba ndi zogundana. Madzi mumatunga pa mpope umodzi. Munthu akatsokomola usiku, kukamacha komboni yonse yamva. Mukadwala mumapita ku kiliniki ya pomwepo, ndipo pa benchi mumapeza mnansi wanu, mkazi wa kapitawo, mwinanso apongozi anu. N'chifukwa chake anthu ena amaopa. Amati, "Ndikanena matenda anga, mawa ku sikelo adzandiloza zala."

Tsono mverani izi. Zimene mwauza dokotala kapena namwino m'chipinda muja ndi chinsinsi chanu. Kiliniki ingakhale ya kampani, namwino angamalandire malipiro ake ku kampani komweko, komabe alibe chilolezo chokanena matenda anu kwa bwana kapena kwa kalaliki. Malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, amateteza chinsinsi cha munthu pa gawo 21. Mu 2018 mudabweranso lamulo la za HIV ndi Edzi. Lamuloli likuletsa kuulula zotsatira za magazi a munthu mwachisawawa. Likuletsanso wolemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti amulembe.

Nanga kapitawo akafunsa chifukwa chimene simunabwere ku munda? Chimene akufunika kuona ndi chikalata cha dokotala chonena masiku amene muyenera kupuma. Basi. Buku lanu la kuchipatala si la iye ayi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza, akadwala ndi kuonetsa chikalatacho, angathe kupuma masabata 4 pa chaka akulandira malipiro onse, ndi ena 8 akulandira theka. Tsoka lake, ambiri olembedwa nyengo ya mvula yokha safika pa miyezi 12. Koma za chinsinsi zija n'za aliyense, ngakhale amene walembedwa dzulo.

Tiyeni tikambe za bukulo, pakuti ngozi yambiri imayambira pamenepo. Munthu akamaopa miseche amachita zinthu ziwiri. Mwina amabwereka buku la mbale wake. Mwina amagula buku latsopano n'kubisa lakale pansi pa mphasa, kuti dokotala asaone zimene zidalembedwa kale. Pamenepo amati wachenjera.

Tiyerekeze mayi wina adamwapo Bactrim, thupi lonse n'kutuluka matuza, milomo n'kusupuka. Dokotala adalemba m'buku mwake kuti mankhwalawa asadzapatsidwenso. Patapita zaka ziwiri mayiyo wabwera ndi buku la mng'ono wake. Dokotala wa lero adziwa bwanji? Angathe kumupatsa Bactrim yemwe uja, kapena Fansidar amene ali wa mtundu womwewo, ndipo ulendo uno matuza aja angathe kumupha. Nayenso mng'ono wake walemberedwa matenda amene sanadwalepo.

N'chimodzimodzi ndi ma ARV. Boma la Thyolo lidali limodzi mwa maboma oyamba kumene anthu akumudzi adayamba kulandira mankhwalawa. Mudali mu 2003, pamene a Médecins Sans Frontières adagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Anthu ambiri amene adayamba nthawi imeneyo adabwerera ku ntchito ali amphamvu. Komatu pali mankhwala ena a chifuwa chachikulu amene amachepetsa mphamvu ya ma ARV, ndipo amachepetsanso mphamvu ya njira ya kulera ya pamkono. Dokotala akadziwa, amasintha kamwedwe kapena kukulangizani njira ina. Mukamubisira, mumwa mankhwala osagwira bwino ntchito inu osadziwa. Chinsinsi bisirani anthu a pa mpope. Dokotala muuzeni zonse, ngakhale za mankhwala azitsamba amene mwamwa kunyumba.

Inu tsopano mumatha kuwerenga. Namwino akakubwezerani buku, onani dzina lili pachikuto. Kodi ndi lanudi? Pa esiteti imodzi pangathe kukhala anthu atatu a dzina lofanana, ndipo mabuku akaunjikidwa pa tebulo amasokonezeka. Onaninso kapepala ka mankhwala. Akalemba kuti 1 x 3 ndiye kuti mbulu umodzi katatu pa tsiku, osati mibulu itatu nthawi imodzi. Mankhwala a malungo aja timati LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo kuchuluka kwa mibulu kumatengera kulemera kwa wodwala. Choncho musagawire mwana mankhwala amene adalembera munthu wamkulu. Pobaya jekeseni, onetsetsani kuti singano yatuluka m'kapepala kosatsegula. Kufunsa si mwano. Mungathe kunena mwaulemu kuti, "Pepani adokotala, sindinamve bwino. Tandiuzeninso."

Matenda akakula amakutumizani ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo, ku Makwasa. Kumeneko mabedi amakhala moyandikana. Muli ndi ufulu wopempha kuti atchinge nsalu akamakuyezani, ndi kuti alankhule motsitsa mawu. Musankhe nokha wokudikirirani, ndipo muuze namwino ngati mukulola kuti munthuyo amve za matenda anu. Inunso mukakhala wodikirira wodwala, zimene mwamva m'wodi zitsale m'wodi momwemo. Masiku ano ena amajambula odwala ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, ati pofuna kudziwitsa abale. Chithunzi chikachoka m'manja mwanu simungachiitanenso. Yambani mwapempha mwiniwake.

Ngati wina waulula matenda anu, kapena mwapatsidwa mankhwala a munthu wina, yambani mwaonana ndi mkulu wa kiliniki. Zikakanika, pitani ku ofesi ya zaumoyo pa boma. Mu 2018 m'zipatala za boma mudakhazikitsidwa munthu womva madandaulo a odwala, wotchedwa Hospital Ombudsman. Madandaulo okhudza anamwino amamvedwanso ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo okhudza madokotala amapita ku Medical Council of Malawi. Musanapite, tengani pensulo mulembe tsiku, nthawi ndi zimene zidanenedwa. Mutengenso buku lanu ndi kapepala ka mankhwala kaja.