Chimanga Chikafota, Kumbani Muone Pansi

Ife amene tinaphunzira za nthaka tikafika pamunda sitiyamba ndi kufunsa za feteleza. Timakumba dzenje lofika m'chiuno n'kuyang'ana khoma lake, chifukwa pamenepo nthaka imaoneka kuti ndi yosanjikizana. Pamwamba pali dothi loderapo, lofewa, lomwe m'mabuku timalitcha A. M'menemo ndimo mumaolera mapesi, mumakhala nyongolotsi, ndipo chakudya chambiri cha mbewu chili momwemo. Pansi pake pali B, yemwe ku chigwa cha Lilongwe nthawi zambiri amakhala katondo, wofiira chifukwa cha chitsulo chochita dzimbiri. Mukapitirira mupeza C, mwala wofumbutuka umene unabala nthaka yonseyi.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi gawo lina lomwe tinapanga tokha. Chaka ndi chaka khasu limalekeza pamalo amodzimodzi, pafupifupi masentimita 20, mapazi nawo akupondaponda pakati pa mizere, mpaka pansipo pamauma gwaa. Zulani phesi m'munda wotere muone: mizu yapindika, yayenda cham'mbali, yakanika kuboola. Mvula ikagwa madzi salowa, amathamanga n'kukokolola dothi lachonde lija, lomwe limatenga zaka mazana kuti lipangike. Ng'amba ya masabata awiri mu Januwale ikabwera, chimanga chimafota chinyezi chili pansi pomwepo, mizu yosachifikira. Alimi amadandaula za mvula kapena feteleza, pomwe vuto lagona pansi pa mzere.

Ena amati kukumba mozama kumatulutsa katondo wopanda chonde. Akunena zoona, n'chifukwa chake sindikunena zotembenuza nthaka. Gawo loumalo liswedwe ndi piki pamalo pake pomwepo, dothi lapamwamba likhalebe pamwamba. Ena amati ntchitoyi ndi yakalavulagaga, ndipo sindingatsutse. Kwa agogo olima okha ndi yolemetsa kwambiri. Komabe si ya chaka chilichonse. Bungwe la Tiyeni, lomwe linayambira ku Mzuzu, limaphunzitsa kuswa kamodzi mpaka masentimita 30, kenako osapondanso pobzalapo. Amene alibe mphamvu angayambe ndi kachigawo kochepa, kwinako abzale nandolo, amene muzu wake wautali umaboola pang'onopang'ono, ndipo ukaola umasiya timabowo todutsa madzi ndi mizu ya chimanga.