Mphindi khumi m'madzi oundana: chimene Quebec amaphunzitsira okwera snowmobile

Madzulo a pa 21 Januwale 2020, anthu asanu ndi anayi anali pa ulendo wokasangalala m'mbali mwa nyanja ya Saint-Jean, m'chigawo cha Quebec ku Canada. Asanu ndi atatu anali alendo ochokera ku France, winayo anali wowatsogolera. Kunja kutada, gululi linapatuka panjira yoikidwa zizindikiro n'kulowa pamwamba pa nyanja yomwe inali itaundana, chakufupi ndi pomwe madzi amatulukira kupita mumtsinje wa Grande Décharge. Pamalo otere madzi apansi sagona, amayenda usana ndi usiku, ndipo ayezi wapamwamba sakhuthala. Ayeziyo anaswekadi. Wotsogolera uja pamodzi ndi alendo asanu anamwalira.

Chomwe anakwera anthuwa ndi snowmobile, yomwe eni dera olankhula Chifalansa amaitcha motoneige. Imakhala ngati njinga yamoto, koma m'malo mwa matayala ili ndi timiyendo tiwiri totsetsereka kutsogolo, ndi lamba wamano kumbuyo amene amapalasa chipale chofewa. Zambiri zimalemera kupitirira makilogalamu 200, ndipo zina zimathamanga kuposa makilomita 150 pa ola.

Makinawa anabadwira m'chisoni. M'nyengo yozizira ya 1934, makaniko wina wa m'mudzi wa Valcourt, Joseph-Armand Bombardier, anataya mwana wake wazaka ziwiri yemwe anadwala m'mimba, chifukwa misewu yonse yopita kuchipatala inali itakwiririka ndi chipale. Bamboyu analimbikira ntchito yomwe anali ataiyamba kale, ndipo mu 1937 anatulutsa galimoto yoyenda pachipale yonyamula anthu asanu ndi awiri. Ena mwa oyamba kuigula anali madokotala a kumidzi. Mu 1959 kunabwera Ski-Doo, yaing'ono ndi yopepuka, yomwe inasandutsa makinawa kukhala chinthu cha masewera. Lero Quebec ili ndi njira za snowmobile zotalika pafupifupi makilomita 33,000.

Kodi munthu akagwera m'madzi ozizira ngati a nyanja ija, thupi limatani? Gordon Giesbrecht, katswiri wa pa yunivesite ya Manitoba amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, amaifotokoza ndi manambala atatu: 1, 10, 1. Mphindi yoyamba ndi ya befu. Khungu likangokhudza madzi, munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, kenako amapuma mothamanga ngati wothawa chilombo. Ngati mutu uli pansi pa madzi panthawiyo, amakoka madzi m'malo mwa mpweya. Ntchito yake pa mphindi imeneyi ndi imodzi basi, kukweza pakamwa pamwamba pa madzi mpaka kupuma kukhazikike.

Zikatero amakhala ndi mphindi pafupifupi khumi zomwe manja ndi miyendo zimamumverabe. Thupi limathamangitsira magazi kumtima ndi ku ubongo, zala zimayamba kuuma gwa, moti kugwira chingwe kumakanika. Apa m'pamene maphunziro amapulumutsa munthu. Wophunzitsidwa amatembenukira komwe wachokera, pakuti ayezi wakumeneko ndiye anamunyamula poyamba. Amayala mikono pamwamba pa ayeziyo, kupalasa miyendo mpaka thupi ligone chopingasa, n'kudzikokera kunja. Akatuluka saimirira, amagubuduka kutalikirana ndi dzenjelo. N'chifukwa chake okwera osamala amavala zovala zoyandamitsa, ndipo amakoleka m'khosi timisomali tiwiri tazigwiriro tobayira pa ayezi.

Nambala yomaliza ndi ola limodzi, nthawi yomwe ingadutse munthu asanakomoke ndi kuzizira. Madokotala amati thupi lazizira mowopsa kutentha kwake kukatsika pansi pa madigiri 35. Munthu amanjenjemera, lilime limalemera, nzeru zimasokonekera. Mowa umangoipitsa zinthu: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukumuthawa. Ku Canada, kuyendetsa snowmobile utaledzera ndi mlandu wofanana ndi kuyendetsa galimoto utaledzera.

Ayezi nayenso amawerengedwa ngati buku. Bungwe la Red Cross la ku Canada limati munthu woyenda yekha amafuna ayezi wokhuthala masentimita 15, gulu la anthu 20, pomwe snowmobile imafuna 25. Ayezi wobiriwira ngati thambo, woonekera mkati, ndiye wolimba. Woyera ngati ufa mphamvu zake ndi theka chabe, ndipo wotuwa ndi chizindikiro choti muli madzi.

Malamulo a ku Quebec amayenda motsatira zoopsa zimenezi. Mwana wosakwana zaka 16 saloledwa kuyendetsa snowmobile panjira za anthu onse. Wazaka 16 kapena 17 ayenera kuchita maphunziro n'kulandira satifiketi yosonyeza kuti waidziwa. Chipewa cholimba choteteza mutu ndi chokakamiza kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe, chifukwa ngozi zambiri zimachitika pamtunda, munthu akawomba mtengo, mwala kapena mnzake. Liwiro lisapitirire makilomita 70 pa ola. Usiku ngakhale liwiro limeneli limatha kuchuluka, poti lamba saima msanga pachipale choterera, ndipo chomwe nyali yaunikira munthu amachifika asanamalize kumanga mabuleki.

Makina alionse ayenera kulembetsedwa ku SAAQ, bungwe la boma lomwe limalembetsanso magalimoto, ndipo nambala yake ikhale poonekera. Nambalayo imathandiza apolisi kudziwa mwini makina pakachitika ngozi, kapena akawapeza atasiyidwa m'nkhalango mwini wake osaoneka. Pamafunikanso inshuwalansi yolipirira anthu ena amene angavulazidwe.

Ngozi ya pa nyanja ya Saint-Jean inagwedeza chigawo chonse. Pofika Disembala 2020, nyumba ya malamulo ya Quebec inavomereza lamulo latsopano la makina oyenda kunja kwa misewu. Lamuloli linati oyendetsa m'njirazi azikhala ndi laisensi, otsogolera alendo azichita maphunziro ovomerezeka, ndipo wobwereka makina asanyamuke asanalangizidwe kayendetsedwe kake.

Chikalata chomaliza ndi chilolezo choyendera m'njira, chomwe chimagulidwa kudzera ku FCMQ, mgwirizano wa makalabu a okwera snowmobile. Ndalama zake zimagwira ntchito yosalaza njira ndi kuika zikwangwani, ndipo ntchito yambiri amaigwira ndi anthu ongodzipereka. Kumene njira imawoloka nyanja, iwo ndiwo amatsogola kumayambiriro kwa nyengo, kuboola ayezi, kuyeza kukhuthala kwake, n'kuzika timitengo mondondozana kuchokera tsidya lino kukafika tsidya linalo.