Mangochi: Mudzi wa Mponda Umene Unasanduka Tauni ya Alendo

Ife a ku Chileka ndi ku Lirangwe timaona mabasi ndi magalimoto akudutsa pa mseu wa M1, atanyamula alendo opita kunyanja. Amawoloka Shire pa Zalewa, nadzera ku Balaka ndi ku Ulongwe mpaka kukafika ku Mangochi. Kodi tauni imeneyi inayamba bwanji, ndipo nchiyani chinaisandutsa malo opumulirako alendo?

Chimene chinabala Mangochi ndi mtsinje wa Shire. Pamalo pamene mtsinjewu umatuluka m'nyanja ya Malawi panali mudzi waukulu wa mfumu ya Chiyao, a Mponda. Amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankawolokera pamenepo popita kugombe la nyanja ya mchere. Aliyense wolamulira dookolo ankalamuliranso malondawo.

Kwa ife Akatolika mudzi umenewu ngwosaiwalika. Pa 28 December 1889 ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda, nakhala amishoni oyamba a Eklezia Katolika m'dziko muno. Anatsegula sukulu ndi kuchiza odwala, koma malungo ndi nkhondo zinawasautsa, kotero anachoka mu 1891. Mbewuyo sinafe ai: mu 1973 Mangochi inakhala Dayosizi, Episkopi wake woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari a chipani cha Montfort.

M'chaka chomwecho cha 1891 boma la Angelezi linamanga linga pafupi ndi kwa Mponda kuti litseke njira ya akapolo. Lingalo analitcha Fort Johnston, potengera dzina la Harry Johnston, ndipo tauniyo inadziwika ndi dzina limeneli mpaka dziko litalandira ufulu. Posakhalitsa linakhala dooko la sitima zapamadzi. Apa mpamene dera lathu likulowa m'nkhaniyi. Popeza sitima sizikanatha kukwera mathithi a pakati pa Shire, katundu ankasenzedwa pamutu ndi atengatenga kuchokera ku Blantyre, kudzera dera la Lirangwe, mpaka ku Matope. Kumeneko ankamukweza m'sitima zopita ku Fort Johnston. Tauni ija inakula ndi thukuta la anthu a midzi ngati yathu ino.

Zikumbutso za nthawi imeneyo zilipobe. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, komanso mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946.

Koma ulemerero wa dooko sunakhalitse. Madzi a Shire ankatsika zaka zina, sitima nkumalephera kuyenda. Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre, yodzeranso pa Lirangwe, inafika ku Salima, ndipo katundu wambiri anayamba kudzera kumeneko. Fort Johnston inatsala ndi boma, msika ndi usodzi.

Chimene chinadzutsanso derali ndi mchenga woyera ndi madzi oyera a m'gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima ku Cape Maclear, ngakhale zinaleka chaka chotsatira. Pambuyo pake kunamangidwa mahotela monga Nkopola ndi Makokola, pamodzi ndi nyumba zambiri zopumuliramo anthu olemera. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha mitundu yochuluka ya nsomba za mbuna. Tsono anthu anayamba kupita ku Mangochi osati kukagulitsa katundu kokha, komanso kukasambira, kukapuma ndi kukachita misonkhano.

Chitukuko chimenechi chabweretsa ntchito, misewu ndi msika wa ziboliboli ndi nsomba. Komabe tisabise mavuto ake. Pamene pamangidwa mpanda wa hotela, msodzi amasowa pokocheza bwato ndi poyanika usipa. Chambo chinachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe kuyambira zaka za m'ma 1990 chifukwa chopha mopyola muyeso. Ana ena amasiya sukulu nkumatsata alendo kuti apatsidwe ndalama. Ndipo mu 2024 madzi a nyanja atakwera, analowa m'mahotela ndi m'nyumba zomangidwa pafupi kwambiri ndi gombe.

Mbiri ya Mangochi ikutionetsa kuti chuma cha tauniyi chasintha katatu: akapolo, sitima, alendo. Kawiri koyambako amene anasenza katundu wolemera si amene anadyerera. Ife amene tikukonzekera unsembe tingadzatumidwe ku maparishi a m'mbali mwa nyanja, kumene tidzakhale pakati pa asodzi, antchito a m'mahotela, Akhristu ndi Asilamu. Tidzayenera kufunsa mosaopa ngati mwana wa msodzi akupindula ndi nyanja imene Mulungu anapatsa tonse. Inunso makolo, mukadzapita kunyanja ndi ana anu, akaonetseni kwa Mponda musanawaonetse mchenga.