KODI WOSEWERA WOBVULALA ASUNGIDWE, KAPENA ACOTSEDWE?

 Lero tikambe za funso limene limasautsa akulu a timu iri yonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Funso lace nali: wosewera wodalirika akabvulala kwambiri, kotero kuti sangathe kulowa m'bwalo miyezi yambiri, kodi timu imsunge ndi kumlipirabe, kapena imcotse ndi kupatsa wina malo ace?

Inu a ku Kabwe mudziwa bwino kuti munthu mmodzi akhoza kukweza timu yonse. Kabwe Warriors, timu ya anchito a njanji, inatenga ligi ya dziko lino mu 1968, 1970, 1971, 1972 ndi 1987. Godfrey Chitalu anabwera kucokera ku Kitwe United mu 1971, ndipo m'caka ca 1972 anamwetsa zigoli 107. Emmanuel Mayuka, wobadwira m'Kabwe momwemo, anaturukanso m'timu yomweyi, ndipo ndiye anamwetsa cigoli cimene cinagonjetsa Ghana pamene Zambia inali pa ulendo wokatenga Cikho ca Afrika mu 2012. Koma mwendo wa katswiri uli ndi mapfupa monga wa munthu ali yense, ndipo ukhoza kuthyoka Loweruka liri lonse.

Poyamba timve mau a msungi-cuma wa timu, pakuti iyenso ali ndi mfundo zace. Iye ati: munthu uyu alandira malipiro mwezi ndi mwezi, koma sasewera. Cipatala cifuna ndalama. Malo ace m'bwalo afuna munthu wina, amenenso ayenera kulipidwa. Ndipo palibe angalumbire kuti wobvulalayo adzabwerera ali monga kale. Mau awa si a nkhanza ai. Matimu ambiri a dziko lino anakula ndi ndalama za migodi ndi za njanji, ndipo anthu a ku Kabwe anaona ndi maso ao umo ndalama zinasowera m'mzinda mgodi utatsekedwa mu 1994. Timu yosawerengera cuma cace imafa.

Tsono timve nkhani ya ku Amerika, kumene funso lomweli linayankhidwa mwa njira yoti tiphunzirepo. Kumeneko kuli masewera ochedwa baseball. Munthu mmodzi aponya kampira kolimba ndi dzanja, wina nayesa kukamenya ndi cibonga. Woponyayo ndiye mzati wa timu. Pa tsiku limodzi akhoza kuponya kokwana 100, ndipo akatswiri amaponya pa liwiro loposa makilomita 150 pa ora. Cifukwa ca ici mtsempha wogwirizitsa mapfupa a pa cigongono umatha pang'ono pang'ono, ndipo tsiku lina umaduka. Kale woponya wotere nchito yace inali kuthera pomwepo.

Mu July 1974 tsoka ili linagwera Tommy John, woponya wamanzere wa timu ya Los Angeles Dodgers. Dotolo wa timuyo, Frank Jobe, anayesa cinthu cimene cinali cisanacitikepo pa woponya ali yense: anatenga mtsempha pa mkono wamanja wa John, nausokerera pa cigongono ca kumanzere. Dotoloyo anaganiza kuti mwai wakuti munthuyo adzaponyanso unali umodzi pa 100. Caka conse ca 1975 John sanasewere, koma timu sinamtaye. Anabwerera mu 1976, ndipo anasewera kufikira 1989, ali ndi zaka 46. Asanabvulale anapambana masewera 124. Atacira anapambana 164. Lero opaleshoni imeneyi imachedwa ndi dzina lace, ndipo oponya ambirimbiri apitamo. Akulu athu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Matimu akulu a baseball ali ndi mwambo wina wothandiza. Wobvulala amalembedwa pa mndandanda wapadera wa odwala. Ali pamenepo alandirabe malipiro ace, koma timu iloledwa kuika munthu wina m'malo mwace kufikira atacira. Motero timu siisewera yoperewera, ndipo wodwala sakakamizidwa kuthamanga ndi bala. Nzeru iyi iribe mwini. Timu ya mpira wa miyendo ikhoza kuitsata.

Tibwerere kwathu. Akulu a timu asanaweruze, ayenera kudziwa zinthu zitatu. Coyamba ndico mtundu wa bala. Mnofu wokokeka umapola m'masabata owerengeka. Pfupa la msongolo likathyoka lifuna miyezi ingapo. Mtsempha wa m'kati mwa bondo ukaduka, kawirikawiri pafunika opaleshoni, ndipo munthu akhala miyezi 9, pena caka cathunthu, asanayenere kusewera. Amene angauze timu za ici ndiye dotolo. Mphunzitsi amene ali ndi masewera obvuta Lamulungu likudzalo sangaweruze bwino, pakuti mtima wace uli pa zigoli. Ndipo wobwerera m'bwalo msanga ndiye amabvulala kaciwiri pa malo omwewo.

Caciwiri ndico msinkhu. Mnyamata wa zaka 20 ali ndi zaka zambiri patsogolo pace, ndipo timu ikamsamala idzakolola, kapena m'zigoli kapena pomgulitsa kunja. Wa zaka 33 mwina adzacira nthawi yace itatha kale. Apa msungi-cuma akhoza kunena mwacilungamo kuti pangano likatha asalembenso lina.

Cacitatu ndico pangano lomwelo, ndipo apa mpamene ambiri amalakwa. Malamulo a FIFA, amene bungwe lathu la FAZ limatsata, anena kuti pangano la wosewera ndi timu litha pokhapokha nthawi yace itakwana, kapena onse awiri atabvomerezana. Wophwanya pangano popanda cifukwa coyenera alipira cipepeso. Ndipo bwalo la milandu la FIFA lagamula kawirikawiri kuti kubvulala si cifukwa coyenera. Timu iyenera kupima thupi la munthu isanamlembe. Ikamlemba, yatenga munthuyo pamodzi ndi maondo ace. Walira mvula walira matope. Wofuna kuti mnyamata alowe pakati pa ochinga kumbuyo mopanda mantha ayenera kudziwa kuti tsiku lina mnyamatayo adzaturuka pa macila.

Motero "kusunga" ndi "kucotsa" sindizo njira ziwiri zolingana. Pangano liri cikhalire, timu iyenera kusunga munthu wace, kumciritsa ndi kumlipira. Ufulu wa timu wosankha umafika pamene pangano latha.

Nanga ngati dotolo anena kuti munthuyo sadzaseweranso konse? Pano tiri ndi citsanzo ca mwana wa dziko lino. Enock Mwepu analowa timu ya Brighton ku England mu 2021. Mu October 2022, ali ndi zaka 24, madotolo anampeza ndi nthenda ya mtima yocokera ku makolo, ndipo anamuuza kuti kuseweranso kukhoza kumupha. Analeka mpira. Koma kumapeto kwa caka comweco Brighton inampatsa nchito yophunzitsa ana aang'ono a timuyo. Munthu amene miyendo kapena mtima wace wamletsa kuthamanga akali nazo nzeru za mpira m'mutu mwace, ndipo timu yocenjera imazigwiritsa nchito.

Wina kumeneko ku Ngungu ati: izo nza matimu olemera; ife tisewera pa bwalo la pfumbi, tiribe pangano, tiribe dotolo. Nzoona. Koma pali zimene mungathe. Masewera a caka asanayambe, khalani pansi ndi kupangana cimene mudzacita wina akabvulala, ndipo mulembe m'buku. Pa ndalama ziri zonse zolowa, patulani kagawo ka odwala, monga acita a bungwe la maliro. Wothyoka mumtengere ku cipatala tsiku lomwelo, musamkoke mwendo pambali pa bwalo. Ali m'pulasitala muzikamuona, ndipo akayamba kuyenda mpatseni kanchito, kaya kusunga mipira ndi malaya, kaya kuphunzitsa ana. Dzina lace likhalebe m'buku la timu kufikira dotolo atanena mau otsiriza.

Kumbukiraninso kuti anzace ali kupenya. Akaona kuti wothyoka mwendo watayidwa ngati khasu lothyoka mpini, ali yense adzayamba kusunga mwendo wace, podziwa kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Timu yotere imasewera mwamantha, ndipo makolo safuna kuperekako ana ao. Ndalama zimene msungi-cuma anapulumutsa pocotsa munthu mmodzi zimatayika m'masewera olephera.

Cifukwa cace, inu akulu a matimu, funso ili likakufikani, mufunse dotolo poyamba, muwerenge pangano, ndipo pomaliza pace muwerenge ndalama. Mukatsata dongosolo limeneli simudzapeza mlandu, ndipo mwina mudzabwezeredwa katswiri amene ena akadamtaya.